Mafunso ndi mayankho: kujambula tizithunzi ta anthu ta pa gemu ya makhadi

Awa ndi mafunso omwe anthu amakonda kundifunsa akaona makhadi a kagemu kanga kakunyumba, kamene anthu ake ndi asanu basi, Mfumu, Sing'anga, Wakuba, Mlonda ndi Mayi wa geni. Si ine katswiri wa zojambula ayi, ndinangophunzira pomwaza mapepala ndi inki, nde mayankho ena ndi zomwe ndinawotcha nazo zala ndekha, ena ndi mbiri ya makhadi yomwe imandisangalatsa.

Kodi aikoni ya munthu ndi chani kwenikweni? Si chojambula chomwe chija cha pakati pa khadi?

Ayi si zimodzi. Chojambula cha pakati chija ntchito yake nkukongoletsa ndi kukupatsani mudu wa gemu, mutha kuchiyang'ana mphindi yathunthu mukuona tinthu tatsopano. Aikoni ndi kachizindikiro kakang'ono, pena kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kamene kamakuuzani kuti uyu ndi Mfumu musanaganize nkomwe. Kamakhala pakona pa khadi, kamabweranso pa khadi lina pomwe palembedwa kuti "uyu amagwira Wakuba", kamabweranso pa pepala la malamulo. Nde kamayenera kudziwika paliponse kaikidwa, kaya kakula kaya kachepa.

Ganizirani pepala lovotera. Munthu ngakhale sanapite ku sukulu akaona tambala wakuda amadziwa kuti apa ndi MCP, akaona chimanga amadziwa kuti DPP, palibe amene amawerenga nthenga za tambalayo kuti zilipo zingati. Aikoni yabwino imagwira ntchito choncho.

Ine kujambula sinditha, ngakhale mbuzi imatuluka ngati tebulo. Ndingakwanitse?

Mungakwanitse, ndipo pena anthu osatha kujambula amachita bwino kuposa akatswiri chifukwa alibe chiyeso chothira zambiri. Zomwe mukufunika ndi kuzunguliza bwalo, kujambula bokosi, ndi kanthu ka makona atatu. Kamunthu kamtengo ka mu gemu ya Carcassonne yomwe inatuluka ku Germany mu 2000, kamene anthu amakatchula kuti meeple, kalibe maso kalibe mphuno kalibe zala, ndi mutu wozungulira manja otambasula ndi miyendo iwiri basi, koma lero aliyense wosewera magemu a patebulo amakadziwa.

Ndiyambire pati? Ndatsegula kompyuta koma mutu wangoima

Tsekani kompyutayo kaye. Tengani pepala mulembe anthu onse a mu gemu yanu, ndipo pambali pa aliyense lembani chomwe amachita mu gemu, osati mbiri ya moyo wake. Kenako pa aliyense musankhe chinthu CHIMODZI chomwe chingamuyimire.

Magemu otchuka amapanga chimodzimodzi. Coup ya Rikki Tahta ya 2012 ili ndi anthu asanu okha, makhadi atatu atatu kukwana 15, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake yomveka, Duke amatenga ndalama zitatu za msonkho, Captain amalanda ziwiri kwa mnzake, Assassin amalipira zitatu kuti aphe, Contessa amatchinga kuphako, Ambassador amasinthitsa makhadi. Citadels ya Bruno Faidutti ya 2000 ili ndi anthu 8 oikidwa manambala, wakupha ndi 1, wakuba ndi 2, mfumu ndi 4, mpaka mkulu wankhondo pa 8. Mukaona bwino muona kuti munthu aliyense ndi ntchito, ndipo ntchito iliyonse ili ndi chida chake.

Kwa ine zinayenda chonchi: Mfumu ndinaipatsa litchowa, Sing'anga nsupa, Mlonda tochi, Mayi wa geni dengu pamutu, Wakuba thumba kumsana. Poyamba Mfumu ndinaiveka chisoti chachifumu cha mano mano chija cha pa makhadi a njuga koma zinkaoneka zachilendo, mfumu ya kumudzi ndani anaiona itavala zimene zija, nde ndinachotsa. Ndipo Mlonda ndinayamba ndampatsa chibonga, anthu nkumati uyu ndi wakuba, poti chibonga usiku aliyense amanyamula eti. Tochi ndi imene inathetsa mkangano.

Anthu amati "yesani chithunzithunzi". Zikutanthauza chani?

Apa nde pagona nkhani yonse, ngati mungaiwale zina zonse za patsamba lino ichi chokha musaiwale. Mukajambula kamunthu kanu, kadetseni konse bii ndi maka yakuda, kasatsale diso kapena batani la malaya, katsale kuoneka ngati chithunzithunzi cha munthu pakhoma madzulo. Kenako muonetse munthu amene sanaonepo gemu yanu. Akatha kunena kuti uyu wasenza dengu, uyu wanyamula thumba, ndekuti zili bho. Akangoti "ndi munthu", bwererani mukayambirenso.

Chifukwa chake nchakuti patebulo maso sakhala pa khadi limodzi, munthu akuyang'ana makhadi ake, akuyang'ana nkhope ya mnzake ngati akunama, akumvetsera macheza, khadi lomwe laponyedwa pakati amangoliona ndi ngodya ya diso ndipo lili chadodolido poti waponya ali tsidya lina la tebulo. Panthawi imeneyo diso limagwira shepu ya kunja kokha. Timizere ta mkati tonse timene munakhalira usiku wonse timangosanduka phala.

Nde anthu anu asiyane shepu kwambiri. Wina akhale wozungulira ngati dzungu, wina wamtali woonda, wina wotakata mapewa ngati bokosi, wina wowerama. Ndipo chida chija chituluke kunja kwa thupi, chisakhale pa chifuwa. Sing'anga wanga woyamba anagwira nsupa pamimba, nditamudetsa anangooneka ngati bambo wa mimba ya mowa. Nditakweza dzanja lake kuti nsupa ikhale m'mwamba payokha aliyense anaidziwa pompo. Pakati pa dzanja ndi thupi siyanipo mpata woyera wooneka bwino, mpata umenewo ndi wofunika ngati inki yomwe.

Izi si nzeru zatsopano. Ku Vienna m'ma 1920 Otto Neurath anayambitsa njira yofotokozera ziwerengero kwa anthu wamba pogwiritsa ntchito tizithunzi, yomwe pambuyo pake inadzatchedwa Isotype, ndipo wojambula wake Gerd Arntz anapanga tizizindikiro pafupifupi 4000, wantchito, mlimi, msilikali, onse osiyanitsidwa ndi kaimidwe ndi chida basi. Otl Aicher pa Olimpiki ya ku Munich mu 1972 anajambula masewera onse ndi timitu tozungulira ndi timizere towongoka. Mukafuna kuba nzeru kabeni kwa amenewa.

Ndijambule mutu wokha kapena thupi lonse?

Zimatengera pomwe pali chomusiyanitsa munthuyo. Ngati anthu anu amasiyana ndi zakumutu, wina duku wina chipewa cha mlaza wina kapusi wina dazi, mutu ndi mapewa ndi zokwanira ndipo zimakula bwino mu kampata kakang'ono. Ngati amasiyana ndi zomwe anyamula, thupi lonse. Chomwe sindingakulangizeni nkusakaniza, atatu mitu yokha awiri thupi lonse, zimaoneka ngati mwatola makhadi a magemu awiri osiyana.

Mukasankha thupi lonse kulitsani mutu dala, ukhale mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wonse ngati zidole za ana. Munthu weniweni mutu wake umalowa ka 7 kapena kupitirirako pang'ono mu msinkhu wake, koma mukatsatira zimenezo pa aikoni ya sentimita imodzi mutu umatsala ngati kanjere ka mapira.

Nanga maso, mphuno, pakamwa?

Timadontho tiwiri ta maso tikwana, pena ngakhale osaika nkomwe. Mphuno isiyeni.

Khadi likhale lalikulu bwanji, ndipo aikoni ikhale saizi yanji?

Saizi yomwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya poker, mainchesi 2.5 kwa 3.5, omwe ndi 63.5 mm kwa 88.9 mm. Pali ina yopyapyala pang'ono ya bridge, 57 mm kwa 89 mm, yabwino ngati munthu azigwira makhadi ambiri mdzanja limodzi. Ubwino wa ya poker ndi woti pa pepala la A4, lomwe ndi 210 kwa 297 mm, mumakwana makhadi 9 ndendende, atatu mmizere itatu, nde powerengera mapepala oti mupulinte simuvutika.

Pa kompyuta ikani 300 dpi, kutanthauza timadontho (mapikiselo) 300 pa inchi iliyonse. Khadi la poker limatuluka mapikiselo 750 kwa 1050. Ngati mukapereke kwa osindikiza enieni adzakufunsani bleed, kutanthauza kuti kala ya kumbuyo ipitirire malire a khadi ndi 3 mm mbali zonse kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke kamzere koyera, nde fayilo imakhala cha pa 825 kwa 1125. Komanso chilichonse chofunika, aikoni yomwe, chikhale mkati ndi 3 mm ina kuchokera pomwe mpeni udutse.

Aikoni ya pakona ine ndimaika pakati pa 10 ndi 12 mm. Tawerengerani, 10 mm pa 300 dpi ndi mapikiselo 118 okha. Nde musamajambule mutazuma mpaka kamunthu kadzadza sikirini yonse nkumadzitama kuti zakongola, pakapita mphindi zingapo muzichepetsa muone mmene kakuonekera pa saizi yake yeniyeni. Susan Kare amene anajambula maaikoni a kompyuta ya Macintosh yoyamba ya 1984 ankagwira ntchito mu timabokosi 32 kwa 32, kwakuda ndi koyera kokha, ndipo ankayamba pa pepala la timabokosi. Kope la masamu la timabokosi lija lomwe ana amagula ku grocery ndi chida chabwino kwambiri pa ntchito imeneyi, ndikunena zoona.

Bwanji aliyense amaika kachizindikiro pakona ya kumanzere kumtunda?

Chifukwa cha mmene timagwirira makhadi. Munthu ukawayala mdzanja ngati chokupizira mphepo, ambiri mwa ife kona yomwe imatsala poyera ndi ya kumtunda kumanzere. Makhadi akale analibe zimenezi, munthu umayenera kutambasula khadi lonse kuti udziwe chomwe wagwira, nde anzako amatha kusuzumira. Manambala ndi zilembo za pakona zinafala kuchokera ku America m'ma 1860 ndi 1870, ndipo kampani ina ya ku New York inkagulitsa makhadi otere pa dzina loti Squeezers poti umatha kuwapanikiza pamodzi nkumaonabe zomwe uli nazo.

Pali kankhani kena kokoma apa. Khadi lomwe timati J kale a ku England ankalitchula Knave, nde atayamba kulemba pakona zinatuluka K ya King ndi Kn ya Knave, anthu nkumasokoneza, basi dzina loti Jack lomwe linkaonedwa ngati la anthu wamba linapambana chifukwa choti J siifanana ndi K. Mwaona, vuto la kona ya khadi linasintha dzina la munthu. Inunso ngati muli ndi Mfumu, Mlonda, Mlimi ndi Msodzi musadalire chilembo choyamba, onse ndi M, Chichewa chathu pamenepa sichikuthandizani.

Anthu amanzere ena amayala makhadi mbali inayo, nde ngati malo alipo ikani aikoni pa makona onse awiri a kumtunda, kapena onse anayi ngati mmene makhadi ambiri a ku Ulaya amachitira.

Tingaphunzirepo chani pa K, Q ndi J wa makhadi wamba omwe tonse timawadziwa?

Zambiri. Makhadi anafika ku Ulaya m'ma 1370 kuchokera ku maiko a Chisilamu, makamaka Egypt yolamulidwa ndi ma Mamluk, ndipo a ku Italy ndi Spain anali ndi malupanga, zikho, ndalama ndi zibonga, a ku Germany anali ndi mitima, masamba, mabelu ndi timbewu ta mtengo wa oak. Zonsezi zinali zovuta kujambula. Cha m'ma 1480 a ku France anaphweketsa nkutuluka ndi zinayi zomwe tikuzidziwa lero, mtima, dayamondi, sipedi ndi kamasamba atatu kaja, mu makala awiri okha ofiira ndi akuda. Shepu zimenezi zinali zosavuta moti umangoboola pa pepala lolimba nkupaka penti pamwamba, osafunika kusema thabwa la khadi lililonse, nde makhadi awo anatchipa nkudzadza misika. Kuphweka kunawina chifukwa cha ndalama, osati chifukwa choti kunali kokongola kuposa zinazo.

Mafumu aja ku Paris anali ndi maina, wa sipedi David, wa mtima Charles amene ambiri amati ndi Charlemagne, wa dayamondi Caesar, winayo Alexander. Makhadi omwe timasewera ife anachokera ku kajambulidwe ka mzinda wa Rouen ku France kudzera ku England, ndipo pokopera kopera kwa zaka mazana zinthu zinasokonekera, nchifukwa chake K wa mtima amaoneka ngati akudzibaya lupanga mmutu komanso ndi yekhayo alibe ndevu za pansi pa mphuno. K wa dayamondi wayang'ana kumbali ndipo ali ndi nkhwangwa. J wa mtima ndi J wa sipedi amaoneka diso limodzi. Katengeni paketi muone nokha.

Koma funso nali, pa anthu onse omwe mumasewera nawo ndi angati amadziwa zimenezi? Pafupifupi palibe. Tasewera nawo moyo wonse koma zojambula za pakati sitiziyang'ana, timawerenga kona. Ndipo kuika mitu iwiri, wina kumtunda wina chadodolido, kunafala m'zaka za m'ma 1800 chifukwa munthu akamatembenuza khadi kuti mfumu iime bwino anzake ankadziwa kuti wagwira khadi lalikulu. Ngati gemu yanu ndi yobisirana ganizirani zimenezi.

Makala angati? Ndipo ndingangosiyanitsa anthu ndi kala yokha?

Aikoni imodzi makala awiri, akachuluka atatu. Kala imodzi ya kumbuyo, ina ya kamunthu, ndipo zisiyane kuwala kwake, chakuda pa choyera kapena choyera pa chakuda. Njira yoyesera ndi yophweka, chotsani makala onse pa foni chithunzi chikhale cha bulaki eni waiti, kamunthu kakasowa ndekuti makala anu ndi ofanana mphamvu ngakhale wina ndi wofiira wina wobiriwira.

Kusiyanitsa ndi kala yokha ayi musayerekeze. Pali anthu omwe maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, kwa azungu a kumpoto kwa Ulaya ndi mwamuna mmodzi pa 12 aliwonse ndi mkazi mmodzi pa 200, kwa ife anthu akuda chiwerengero nchotsikirapo koma alipo ndithu ndipo ambiri sadziwa kuti ali choncho. Uno yomwe anaiyambitsa Merle Robbins wometa tsitsi wa ku Ohio mu 1971 inakhala zaka zoposa 40 ikudalira makala anayi okha, mpaka mu 2017 pamene kampani ya Mattel inatulutsa ina yokhala ndi tizizindikiro ta ColorADD toimira makala, njira ya Miguel Neiva wa ku Portugal. Inu musadikire zaka 40, kala ndi shepu ziziyendera limodzi kuyambira tsiku loyamba.

Ndipo ngakhale maso anu ali bwinobwino, magetsi akazima mukusewera pa kandulo buluu wakuda ndi chobiriwira chakuda zimangokhala chimodzi. Ine makhadi anga ndimawayesa dala pa kandulo.

Kanthu kena ka kwathu kuno, makala ali ndi ndale. Mukaveka Wakuba buluu kapena yelo kapena mukamuika pa chofiira, patebulo padzapezeka wina woti "aaa mukutanthauza chani apa", gemu nkusanduka msonkhano. Wakuba wanga ndi wotuwa ngati phulusa pa chifukwa chimenechi.

Zikuoneka ngati aliyense wachokera kwake, sizikugwirizana. Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi kunenepa kwa mzere. Sankhani kunenepa kumodzi mugwiritse ntchito pa onse, ndipo pa saizi yopulinta ine sindipita pansi pa theka la milimita poti pulinta wamba amadya timizere toonda. Onse akhale mu bwalo kapena bokosi la saizi imodzi, mitu ikhale yofanana kukula, maso ajambulidwe mofanana, ngati makona a mmodzi ndi obulungira onse akhale obulungira. Chophweka nkujambula thupi limodzi la maziko kenako nkumalikopa, uku mukusintha kaimidwe ndi chida. Ndipo muziwaika onse pa tsamba limodzi mukamagwira ntchito, osamaliza mmodzi mpaka mapeto musanayambe wina.

Pulogalamu yanji yabwino, makamaka yaulere? Laputopu ndilibe

Ngati kompyuta ilipo, Inkscape. Ndi yaulere, siifuna bandulo mukangoidawuniloda, ndipo imajambula za vekita, kutanthauza kuti kamunthu kanu mutha kukakulitsa mpaka pa chikwangwani kapena kukachepetsa mpaka pa kona ya khadi osaphwanyika mapikiselo. Sungani ngati SVG, mtundu wa fayilo ya vekita. GIMP ndi Krita ndi zaulerenso koma zimenezo ndi za mapikiselo, zabwino pa chojambula cha pakati chija. Makhadi akachuluka pali nanDECK ya pa Windows, imatenga maina ndi manambala kuchokera mu spreadsheet nkuyala makhadi onse yokha, poyamba imaopsa poti umalemba timalamulo koma ukasintha aikoni imodzi imasintha pa makhadi onse 60 kamodzi.

Pa foni ibisPaint imagwira bwino ntchito ngakhale ndi chala. Kapena jambulani pa pepala loyera ndi maka yakuda yonenepa, mujambule ndi kamera panja pa mthunzi masana, mukweze contrast, kusiyana kwa chakuda ndi choyera, mpaka pepala liyere mbuu. Makhadi anga oyamba anali otero ndipo tinasewera nawo miyezi.

Ndingangotenga maaikoni pa intaneti?

Poyesera gemu, eya, tengani musataye nthawi kujambula munthu yemwe mwina sabata ya mawa mumuchotsa. Tsamba la game-icons.net lili ndi maaikoni opitirira 4000 akuda ndi oyera opangidwira magemu, pa layisensi ya CC BY 3.0, kutanthauza mutha kugwiritsa ntchito ngakhale pogulitsa bola mulembe dzina la amene anajambula. The Noun Project nayo ili ndi ambiri, aulere ukatchula mwini wake kapena ulipire. Zongotola pa Google kapena Pinterest nkukagulitsa ndi kuba, ngakhale zilibe chidindo.

Vuto lake mukasaka mfumu mupeza ya chisoti cha ku Ulaya, mukasaka sing'anga mupeza mfiti ya chipewa chosongoka. Mayi wosenza dengu la tomato mwana ali kumbuyo simumupeza wooneka ngati wa kwathu. Amenewo nde muyenera kujambula nokha.

Nanga AI?

Imathandiza kukupatsani maganizo a kaimidwe, koma kutulutsa anthu asanu ofanana sitayilo, mzere umodzi, opanda tinthu tosafunika, imavuta kwambiri, mumatha nthawi yambiri mukukonza kuposa mukanajambula nokha. Ine ndinaisiya.

Ndikufuna anthu anga akhale nyama za m'nthano, Kalulu, Fisi ndi anzawo. Zimaphweka?

Zimaphweka kwambiri ndipo ndimalimbikitsa oyamba kumene kuti ayambire pamenepa, chifukwa Mulungu anazisiyanitsa kale shepu. Kalulu ndi makutu awiri aatali basi mwamaliza. Njovu chitamba ndi makutu. Kamba chigoba. Mkango ubweya wa m'khosi uja wozungulira nkhope. Ndipo chokoma china nchoti simufunika kufotokoza malamulo kwambiri, aliyense anakulira pa "padangokhala, tili tonse" amadziwa kuti khadi la Kalulu ndi lopusitsa anzake, la Fisi ndi ladyera lomwe mapeto ake limaluza, la Kamba ndi lochedwa koma lovuta kuligonjetsa.

Wovuta ndi Fisi. Mukajambula mutu wokha amatuluka galu, aliyense amati galu. Chomwe chimamupanga fisi ndi msana wotsetsereka, miyendo yakutsogolo yaitali yakumbuyo yaifupi, khosi lonenepa, makutu obulungira osati osongoka. Nde pamenepa mumakakamizika kuti ngati Fisi ali mu gemu onse ajambulidwe thupi lonse chammbali. Mawanga ikani atatu kapena anayi akuluakulu, osati 30.

Nanga zilombo za gule wamkulu? Zingaoneke bwino kwambiri pa makhadi

Kuoneka bwino zingaoneke, palibe angatsutse, anthu osema nyau anadziwa kalekale nkhani yosiyanitsa munthu ndi shepu ndi kala moti uli patali umadziwa chomwe chikubwera. Koma apa ndimati pondani pang'onopang'ono. Gule si katuni, kwa eni ake ndi mwambo wa mizimu wokhala ndi zinsinsi zake, ndipo UNESCO inaulengeza mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kuika Kasiyamaliro pa khadi lomwe anthu aziponya pa tebulo la mowa pali ena zingawapweteke kwambiri. Ngati mtima wanu uli pomwepo kambani kaye ndi akuluakulu a mwambowo. Kungophunzira kaonekedwe, ku Mua ku Dedza kuli Kungoni Centre komwe nyumba ya Chamare inasunga nkhope za gule mazanamazana, ndipo ku Chongoni komweko ku Dedza kuli zojambula za pa miyala zomwe zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006, zina ndi zinyama zoyera zojambulidwa mophweka kwabasi. Makolo athu maaikoni anayamba kale.

Ndapulinta koma zatuluka zosiyana ndi za pa sikirini, zada bii

Pepani, tonse tinadutsamo. Sikirini imawala yokha ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu (RGB), pepala limadalira inki ya makala anayi (CMYK), nde makala owala kwambiri makamaka buluu ndi gilini amafooka ndipo zakuda zimadetsetsa. Ine ndinapita pa malo ena opulintira mtauni ndi mapepala 7 onse nditakhulupirira sikirini, Sing'anga wanga wa pepo pa bulauni anatuluka chibuluma cha matope, ndalama inapita. Olakwa ndinali ine, anyamata aja anangodina batani. Panopa ndimapulinta pepala limodzi kaye.

Powauza apulinte nenani kuti actual size kapena 100%, apo ayi makina amachepetsa okha kuti zikwane ndipo makhadi amatuluka aang'ono. Perekani PDF osati chithunzi chodutsa pa WhatsApp chomwe chafinyidwa kale. Pepala la makhadi ogulitsa limakhala lochindikala, cha pa 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), ndipo lili ndi kagawo kakuda kapena ka buluu pakati kuti kuwala kusadutse, kwa ife oyesera manila imakwana, kapena pulintani pa pepala wamba mumate pa makhadi akale a njuga.

Kuseri kwa khadi ndiikeko aikoni ya munthuyo?

Ayi!! Kuseri onse afanane ndendende, ndipo chojambula chake chizioneka chimodzimodzi ukachitembenuza. Komanso yang'anitsani khadi pa dzuwa, ngati chithunzithunzi cha Mfumu chikuonekera kuseri detsani kuseriko.

Ndidziwa bwanji kuti tsopano zatheka?

Osafunsa anzanu kuti "zakongola?" poti adzati eee zakongola kuopa kukukhumudwitsani. Chotsani maina pa makhadi, muyale pa mkeka, muitane mwana wa sitandade 3 ndi agogo, muwauze kuti "ndipatseni mlonda". Muwerenge chamumtima. Dzanja likapita lokha musanafike pa 2 ndekuti iyeyo watheka, likayamba kuyendayenda pamwamba pa makhadi awiri muone kuti ndi ati awiriwo, amenewo ndi omwe akufanana ndipo mmodzi ayenera kusintha shepu, osati kuonjezera timizere. Kenako bwerezani khadi lili chadodolido, kenako muli mamita awiri, kenako madzulo.

Love Letter ya Seiji Kanai wa ku Japan ya 2012 ili ndi makhadi 16 okha ndi anthu 8, ndipo gemu yonse ndi kungoganizira kuti mnzako wagwira ndani, nde anthu akamachedwa kuzindikira khadi kukoma konse kumatha. Yanga inali ndi vuto lomwelo pa Wakuba ndi Mayi wa geni, thumba ndi dengu zonse zinkaoneka ngati chibulunga pafupi ndi mutu. Agogo anga aakazi anangoti "iwe, wakuba amayenda chowongoka ngati akupita ku tchalitchi?" Ndinamuweramitsa, thumba ndinalitsitsira mchiuno, mwendo umodzi ndinaukweza ngati akunyang'ama, ndipo dengu la mayi uja ndinalikulitsa mpaka linaposa mapewa ake.